Mlendo Akufuna Magazi

Bambo anga sayimba foni. Amakhulupirira kuti foni anaipangira ana kuti aziyimbira makolo, ndipo kholo likayamba lokha ndiye kuti ulemu watha m'dziko. Choncho nditaona dzina lawo likuwala pa foni Loweruka masana, ndili mkati moluka tsitsi la kasitomala mu saluni yanga, ndinadziwa kuti kwagwa kanthu.

"Mlendo wakana kudzuka," anatero, osapereka ndi moni womwe.

"Mwina watopa, Bambo. Nayenso ndi nkhalamba."

"Akutuluka magazi m'mphuno. Bwera ndi galimoto."

Anadula. Kasitomala uja ndinamusiyira mnzanga wa pa mpando wachiwiri, mbali imodzi ya mutu italukidwa bwinobwino, mbali inayo tsitsi litaima ngati la munthu woona mzukwa. Anandiyang'ana pa galasi ndi maso onena kuti sadzabweranso, ndipo sindinamuimbe mlandu.

Mlendo ndi galu wa malemu mayi anga. Anamutola ali kamwana m'ngalande kuseri kwa msika, n'kubwera naye kunyumba m'chikwama cha ndiwo. Bambo anagwira ntchito ya uinspekitala wa mabasi moyo wawo wonse, ndipo sankatha kupirira kuona aliyense akukwera ulere, kaya ndi munthu kaya ndi galu. Analamula kuti kagaluko kagone pakhonde kamodzi kokha. "Ameneyu ndi mlendo," anatero, "ndipo mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka." Mamewo anakhala pakhomo zaka zambirimbiri, ananenepa, anasamuka pakhonde n'kulowa pabalaza, ndipo dzina linakanirira.

Mayi atamwalira, munthu yemwe uja ankati galu malo ake ndi panja anayamba kumuwerengera nyuzipepala. Ine ndikabwera Lamlungu ndi matumba a zogula, ndimalandira mawu awiri, "wabwera" ndi "ukupita". Mlendo ndiye amamva zonse, kuyambira kukwera kwa mitengo mpaka kusowa mwambo kwa madalaivala a masiku ano. Sindibisa, nsanje ndinali nayo. Mayi wa ana awiri, wa bizinesi yakeyake, kuchitira nsanje galu wa imvi pamlomo. Komabe ndinkadziwa chinthu china chimene sindinkafuna kuchinena. Bambo amadzuka m'mawa chifukwa galuyo amakanda chitseko. Amayatsa moto chifukwa galuyo ayenera kudya, iwo n'kudya nawo zotsala. Tsiku limene Mlendo adzapite, sindinkaona chimene chidzawachotse pabedi.

Ndinawapeza ataima pageti atavala jekete yawo ya kutchalitchi, atanyamula galuyo m'bulangeti la Mayi, lomwe ine sindiloledwa ngakhale kulichapa. Mutu wa Mlendo unali lende pa mkono wawo. Awa ndi bambo omwe ndimachita kuwagwadira kuti amwe mapiritsi a kuthamanga kwa magazi, omwe amati kuchipatala kumapita anthu ofuna kuuzidwa zimene akudziwa kale. Tsikulo ankadziwa dzina la msewu wa chipatala cha ziweto ndi njira yachidule yomwe.

"Thamanga," anatero tili mumsewu.

"Maloboti ndi ofiira, Bambo."

"Ofiira ndi a anthu opanda wodwala."

Ndinaganizira madalaivala onse amene munthu ameneyu anawachotsetsa ntchito chifukwa cha liwiro, ndipo ndinawapepesa mumtima mmodzimmodzi. Kumbuyoko mlandu unali utayamba kale kuzengedwa. Amuthira poizoni, ankatero Bambo. Ndi aja a nyumba ya geti lobiriwira, amene amadandaula za kuuwa. Ngati si iwo ndiye ndi wogulitsa makala, amene Mlendo anamung'ambirapo buluku. Pofika pachipatala anali atamanga theka la anthu a mumsewu mwathu.

Chipatalacho chili kuseri kwa sitolo ya matayala. Ukangolowa umalandiridwa ndi fungo la mankhwala okolopera pansi losakanikirana ndi la agalu amantha. Pakhoma pali zithunzi zikuluzikulu za nkhupakupa ndi njoka za m'mimba, mwina kuti odikira asamve njala. Pa benchi panali mayi wina atafungatira basiketi yochapira zovala, mkati muli mphaka wonenepa kuposa mwana wanga wamng'ono. Ankauza aliyense kuti mphakayo wakhala akuoneka wokhumudwa kuyambira Lachinayi. Pambali pake panali bambo wina ali ndi kagalu kaubweya kofanana ndi burashi ya nsapato.

Pa desiki panali mayi wa wigi yomatidwa mopendekera. Ndinachita kupinda zala kuti ndisaikonze.

"Dzina la wodwala?" anafunsa.

"Mlendo," Bambo anayankha.

"Inu ndinu bambo ake a Mlendo?"

"Ndine."

Ndinali nditaima pomwepo, mwana wawo mmodzi yekhayo wobereka okha, ndipo sanatsokomole n'komwe.

Adokotala anali mayi wamfupi wa magalasi, manja ali zipsera zokhazokha za amphaka osayamika. Sankataya mawu. Anagoneka Mlendo pa tebulo lachitsulo, n'kukweza mlomo wake ndi chala. Nkhama zake zinali mbee ngati pepala. Anamutembenuza n'kutionetsa zigamba zakuda pamimba, pansi pa khungu, kenako anamvetsera mtima nthawi yaitali osatiyang'ana.

"Kunyumba kuli mankhwala a makoswe?" anafunsa.

"Kunyumba kwanga kulibe makoswe," anatero Bambo, mokhala ngati atukwanidwa.

"Sindinafunse za makoswe."

 Ine ndinakumbukira timibulu tobiriwira timene ndinationa pa sosala m'chipinda chosungiramo katundu masabata apitawo. Bambo nawo anali atakumbukira, chifukwa anayamba kuyang'ana nsapato zawo.

"Ndinaika pamwamba pa kabati," anatero pansipansi. "Galu sakwera kabati."

"Makoswe amakwera, ndipo amagwetsa."

Umo ndi mmene a geti lobiriwira ndi wogulitsa makala anamasulidwira pa mlandu umene sanadziwe kuti akuzengedwa. Ndinkafuna kunena zimenezo mokweza, mawu anali kale pa lilime, koma ndinaona Bambo akufunditsa Mlendo bulangeti lija, ndipo ndinameza.

Adokotala anafotokoza akubaya jakisoni. Mankhwala a makoswe amaletsa magazi kuundana, ndiye galu amakhala akutaya magazi mkati kwa masiku angapo mwini wake osadziwa. Jakisoniyo athandiza, koma amatenga nthawi kuti ayambe kugwira ntchito, ndipo nthawiyo Mlendo analibe. Ankafunika magazi a galu wina tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe. Galu wawo wa pachipatala amene amapereka magazi anali atapereka dzulo lake kwa wina wogundidwa ndi galimoto, ndipo sakanapereka kawiri.

"Mukudziwa aliyense amene ali ndi galu wamkulu, wathanzi, wosakalamba, wolandira katemera?"

"Palibe," anatero Bambo mofulumira kwambiri.

Linali bodza, ndipo tonse awiri tinkadziwa. Misewu iwiri yokha kuchokera kunyumba kwa Bambo kuli galu wotchedwa Sajeni, wamkulu ngati mwana wa ng'ombe, waulesi moti wakuba amachita kumulumpha. Vuto la Sajeni ndi limodzi lokha, mwini wake.

Mwini wakeyo ndi bambo anga aang'ono, mng'ono wawo wa Bambo wa bere limodzi. Ndi wowotcherera zitsulo, chimunthu chotchinga khomo, mikono yonse ili mabala a moto amene sawamva n'komwe. Mayi ali kuchipatala m'masiku awo omaliza, madokotala anapempha achibale kuti apereke magazi. Bambo anakanidwa chifukwa cha matenda awo. Ine ndinali ndi pakati potopa, anandibweza kunyumba kuti ndikagone. Bambo aang'ono anadziguguda pachifuwa n'kuti, "Alamu angasowe magazi ine ndili moyo?" Anabwera, anakhala pa mpando, anapinda malaya. Namwino atangotulutsa singano m'pepala, iwo anakumbukira kuti sanatseke mawindo a galimoto. Anatuluka kukatseka, ndipo sanabwerenso. Mayi anamwalira sabata yomweyo.

Kuyambira pamenepo Bambo satchula dzina la mng'ono wawo. Amangoti "uja wa mawindo". Pa maukwati ndi pa maliro amakhala pa benchi limodzi, chifukwa anthu angaone, koma mawu onse amadutsira mwa ine. "Uwauze awo asunthe mwendo." "Uwauze akulu kuti ndasuntha." Mwana amene ndinali naye pakati uja tsopano amapita kusukulu yekha, ine ndikadali positi ofesi ya amuna awiri a imvi. Azakhali amakonda kutitonthoza kuti chibale ndi fupa, sichiola. Zoona sichiola, koma m'banja mwathu fupalo linaima pakhosi.

"Ngati palibe," anatero adokotala akuvula magolovesi, "ndiye yambani kutsanzikana naye. Ndimupatsa chochepetsa ululu."

Bambo anasiya Mlendo pa tebulo. Anatuluka kupita kodikirira kuja, n'kuyamba kuyenda kutsogolo kwa benchi akusuzumira chiweto chilichonse monga ankachitira ndi matikiti. Anaima pa mphaka wokhumudwa uja, mwini wake n'kukumbatira basiketi. Anaima nthawi yaitali pa kagalu ka burashi, ngati kuti akakayang'anitsitsa kakula. Anatuluka mpaka panja, n'kukafunsa anthu a pa sitolo ya matayala ngati ali ndi galu. Anabwerera ali okha, thukuta lili pamphumi, n'kuima pafupi nane akuyang'ana chithunzi cha nkhupakupa.

"Galu alibe mlandu," anatero. "Ukamuuze Sajeni kuti akufunika kuno."

"Ndimuyimbire pa nambala iti Sajeniyo, Bambo?"

"Usandiyankhe mwano pagulu."

Ndinayimbira bambo aang'ono. Ndinamva makina odulira zitsulo akulira kenako n'kuzima. Ndinafotokoza zonse, za makoswe, za nkhama zoyera, za galu wamkulu amene akufunika. 

"Akulu akudziwa kuti ukundiyimbira?" anafunsa.

"Ndi amene andituma. Kungoti atuma kwa Sajeni."

"Sajeni wamva. Tikubwera."

Sanachedwe. Tinamva galimoto yawo yakale ikutsokomola panja, kenako chitseko chinatseguka ndipo Sajeni analowa akukoka mwini wake. Bambo aang'ono anali adakali mu ovolosi, magalasi akuda owotcherera ali pamphumi. Dzanja limodzi la ovolosiyo linali litapindidwa mpaka paphewa. Sanayang'ane akulu awo. Anabwera kwa ine, n'kundifumbatitsa makiyi a galimoto, dzanja lawo lili lozizira ngati la munthu wochapa m'mamawa.

"Mawindo ndatseka onse," anatero. "Sunga makiyiwa. Ngakhale ndilire, usandipatse."

Kenako anapita kwa adokotala, anatsinzina, n'kutambasula mkono wopinda uja.

"Yambani ndi ine, galu atsatire. Fulumirani ndisanaganize kawiri."

Adokotala anayang'ana mkonowo, n'kuyang'ana ine pamwamba pa magalasi.

"Bambo, magazi anu angamuphe galuyu."

"Ndi abwinobwino. Sindimwa mowa, sindisuta."

"Ndi a munthu."

"Ngakhale pang'ono pokha, ongowonjezera?"

"Ngakhale dontho."

Anakhalabe ataima choncho, mkono uli m'mwamba, maso atatsegula limodzi. Sindinaonepo nkhope ya munthu ikusonyeza kukhumudwa ndi kupepukidwa nthawi imodzi ngati imeneyo. Zaka zonsezi akusonkhanitsa kulimba mtima, n'kukakupereka pa chipatala cholakwika. Mayi wa wigi anabisa pakamwa ndi faelo. Ine ndinkafuna kuseka, koma sindinathe.

Kupepukidwa kwawoko sikunakhalitse. Adokotala anapima Sajeni, anamumeta kachigamba pakhosi, n'kufotokoza kuti magazi awatenga pa mtsempha wa pakhosipo. Galuyo ayenera kugona chammbali osagwedezeka mpaka thumba litadzaza, chifukwa akangodzidzimuka singano ing'amba mtsempha. Wothandizira wawo anali atapita kukabereketsa ng'ombe kwinakwake. Choncho ine ndigwire miyendo yakumbuyo, ndipo mutu agwire munthu amene galuyo amamukhulupirira.

"Mwini wake," anatero adokotala. "Muime apa. Nkhope yanu ikhale pafupi ndi yake, muzimulankhula."

Malo amene analozawo anali oyandikana ndi kachigamba kometa kaja moti munthu ukanatha kukapsompsona. Adokotala anang'amba pepala n'kutulutsa singano. Ndinaona bambo aang'ono akumeza malovu amene kunalibe.

"Imeneyo ndi singano kapena ndi ndodo yowotcherera?" ananong'ona.

Bambo anali ataima pakona pafupi ndi Mlendo, amene anali chigonere pa tebulo lina akupuma mofulumira. Analankhula akuyang'ana ine.

"Uwauze awo kuti mawindo a chipinda chino ndi otseka kale."

"Uwauze akulu kuti ndamva," anatero bambo aang'ono.

"Kodi mayi awa ndi womasulira?" anafunsa adokotala. "Mukulankhula zinenero ziwiri?"

"Chimodzi, adokotala," ndinatero, "koma chimafuna kondakitala."

Singano inalowa. Sajeni anagwedeza mchira kawiri, anausa moyo, n'kutsinzina ngati ali pa mthunzi kunyumba kwawo. Magazi anayamba kuyenda m'kapaipi, ofiira moderako, kutsikira m'thumba limene linali pa sikelo pansi. Ankayenda pang'onopang'ono ngati mzere wa kubanki. Bambo aang'ono anagwira mutu wa galu wawo ndi manja onse awiri. Amayenera kumulimbikitsa, koma zimene ankanong'ona zinali zakuti, "Usandisiye, Sajeni, usandisiye." Thukuta linkatsika m'ndevu zawo n'kudonthera pa khutu la galuyo.

Thumba lisanafike ndi theka lomwe, ndinaona mawondo awo akupindika. Nkhope inali itatuwa, maso atayamba kuyang'ana kumwamba kumene kulibe kanthu.

"Wina awagwire," anatero adokotala, mawu osakwera ngakhale pang'ono. "Akagwa akoka mutu wa galu, ndipo tiyambiranso ndi mtsempha wong'ambika."

Manja a adokotala anali pa singano. Anga anali pa miyendo. M'chipindamo munatsala manja awiri okha opanda ntchito, ndipo anali m'matumba a jekete ya kutchalitchi.

"Uwauze ayang'ane khoma," Bambo anandiuza.

"Auzeni nokha," ndinatero. "Positi ofesi yatseka."

Sindinawayankhepo choncho chibadwire. Anandiyang'ana, anayang'ana Mlendo, anayang'ana thumba. Kenako anachotsa manja m'matumba, anadutsa chipindacho, n'kukaima kumbuyo kwa mng'ono wawo. Anamukumbatira m'chiuno n'kumutsamiritsa pachifuwa pawo, kamunthu kowonda kakuchirikiza chiphona, mapazi atatambalala ngati munthu woimirira m'basi yothamanga.

"Usayang'ane singano, iwe," anatero. "Tsinzina. Ndakugwira."

"Ndikugwa, akulu."

"Sugwa. Ugwe ndikakuuza."

Anaima choncho mpaka mapeto. Bambo ankalankhula osalekeza kukhutu kwa mng'ono wawo, koma musaganize kuti anali mawu okoma. Ankamukumbutsa kuti ali mwana anakomoka ataona nkhuku ikuphedwa, kuti pa tsiku la katemera kusukulu anakabisala m'chimbudzi mpaka madzulo, kuti thupi lonselo anangolikulitsira kudya. Bambo aang'ono ankangoti "eya, akulu" pa chilichonse, koma manja awo sanachoke pa mutu wa Sajeni.

"Lakwana," anatero adokotala, n'kuzula singano, n'kutsindika thonje pakhosi pa galuyo.

"Tsopano igwa," anatero Bambo.

Mng'ono womvera anagwadi, khu, n'kutenga akulu ake omwe. Amuna awiri a imvi anali gone pansi pa chipatala cha agalu, wina pamwamba pa mnzake, jekete ya kutchalitchi ili m'madzi okolopera. Sajeni anadzutsa mutu, anawayang'ana, n'kufunsa ndi maso ngati pali chakudya. Analandira mbale yodzaza. Bambo aang'ono atatsitsimuka analandira madzi a shuga m'kapu yojambulidwa mapazi a mphaka.

Adokotala anapachika thumba lija pa chitsulo, n'kulumikiza kapaipi ku mwendo wakutsogolo wa Mlendo. Anati magaziwo ayenera kulowa dontho ndi dontho, ndipo sakufuna anthu omupumira m'khosi. Anatitulutsa. Kodikirira kuja kunali kutatsala ife tokha, mphaka wokhumudwa atapita kwawo ndi uphungu woti achepetse kudya. Tinakhala pa benchi monga mwa masiku onse, Bambo uku, bambo aang'ono uko, ine pakati. Sajeni anagona pa mapazi athu tonse atatu.

Bambo aang'ono ankazunguza kapu m'manja. Sanayang'ane ine, ndipo sananditume.

"Akulu," anatero, "alamu aja ndinawapha ndine. Ndimadziwa. Sipadutsa tsiku osaganiza."

Bambo anapukuta dothi pa mkono wa jekete.

"Sunawaphe," anatero. "Adokotala a alamu ako anandiitanira pambali m'mawa wa tsiku lomwelo. Anati magazi angowonjezera masiku owerengeka, mwinanso osawonjezera n'komwe. Zinali zitatha kale."

Kapu inasiya kuzungulira.

"Munkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

"Nanga bwanji, akulu, zaka zonsezi?"

"Ndinakhala pa benchi la kuchipatala lija ndekha mpaka anthu oona odwala onse anatha. Ndinali nditauzidwa kuti mkazi wanga akufa, ndipo panalibe woti ndimuuze. Chitseko chikangotseguka ndinkadzutsa mutu. Ndinkati mawindo a galimoto imodzi angatenge nthawi yaitali bwanji." Anameza. "Magazi ako sindinkawafuna. Ndinkafuna munthu wokhala pambali panga."

Ndinapsa mtima kwambiri moti makutu anandiwotcha. Munthu kumusenzetsa mng'ono wake maliro pamutu zaka zonsezi, akudziwa kuti si ake. Ine kundiyendetsa ndi mauthenga a "sunthani mwendo" pamene uthenga weniweni anaukhalira. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwauze zonsezo, ndipo mawu ndinali nawo okwanira, ndimagwira ntchito mu saluni. Koma nditatembenuka ndinaona Bambo akulira mopanda phokoso, ndipo ndinakumbukira kuti pa maliro a Mayi sanagwetse msozi. Mkwiyo sunathe, koma ndinawamvera chisoni kuposa mmene ndinakwiyira. Kumbali inayi bambo aang'ono anali atatsitsa magalasi akuda aja kuphimba maso, ngati kuti m'chipindamo muli wina akuwotcherera.

Ndinaimirira n'kupita kukaima pa desiki. Wigi ija ndinaikonza, mwini wake atandilola.

Dzuwa litapendeka, adokotala anatiitana. Anakweza mlomo wa Mlendo ndi chala. Nkhama sizinali zofiira kwenikweni, koma sizinalinso pepala. Bambo atatchula dzina lake, nsonga ya mchira inagunda tebulo kamodzi.

"Sindikulonjeza kanthu," anatero adokotala. "Agona konkuno, mawa tidzaona. Akadzuka, adzamwa mapiritsi kwa masabata angapo, ndipo timibulu tanu tija mukatitaye lero. Palibe chifukwa chodikirira pano. Tikuyimbirani."

"Ndidikira mpaka adzutse mutu," anatero Bambo.

"Benchi lathu ndi louma."

"Ndakhalapo pa louma kuposa limeneli."

Anabwerera kodikirira n'kukhala pansi, bulangeti la Mayi lili pamiyendo. Ine ndinali ndi ana oti ndikawatenge kwa apongozi ndi sosala ya poizoni yoti ndikataye. Ndinapisa m'chikwama, ndinatulutsa makiyi aja, n'kuwatambasulira bambo aang'ono.

"Mwagwira ntchito," ndinatero. "Kapumeni. Sajeni nayenso akufunika kugona."

Anayang'ana makiyiwo, koma manja sanawachotse m'matumba a ovolosi.

"Pita nawo," anatero. "Udzabwere nawo akulu akadzanena."

Bambo sanadzutse mutu. Anangosuntha pang'ono pa benchi, ngakhale malo analipo kale okwanira.